Dzina la yunivesite kapena moyo wa kumeneko: mwana alembe iti pamwamba pa fomu ya NCHE?

Nambewe wa ku Chirimba

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa bwino za mayunivesite athu. Mwana wa achimwene anga, wamkazi, wakhoza MSCE ndi mapointi 13. Masamu wapeza 2, Physics 3, Chingerezi 3. Mtima wake uli pa za makompyuta, ndipo akuyenera kulemba fomu ya NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede limene limayendetsa kasankhidwe ka ophunzira a mayunivesite a boma. Kwawo ndi konkuno ku Chirimba ndipo chibadwire sanakhaleko kwina.

Pakhomo sakumvana. Bambo ake akuti pamwamba alembe Poly (Polytechnic ya konkuno ku Blantyre) chifukwa dzina lake ndi lalikulu komanso azichokera pakhomo, ikakanika alembe Chanco (Chancellor College), kosi ina iliyonse bola akalowe. Mwanayo akufuna ICT ya ku Mzuzu, akuti akaone kwina, akaphunzire kudziimira payekha. Amayi ake akuopa mtunda ndi ndalama.

Kodi dzina la sukulu limagwiradi ntchito pofuna ntchito masiku ano? Nanga zoti mwana akakhale kutali akakhwime maganizo, ndi chifukwa chokwanira chosiyira sukulu yotchuka ili pakhomo pomwe?

Aphiri a ku Likuni

Azakhali, muyambe mwachotsa mawu akuti "kosi ina iliyonse bola akalowe". Pamenepo ndi pamene mabanja ambiri amagwera. Mwana amene mtima wake uli pa makompyuta mukamukankhira ku kosi imene sakuifuna chifukwa cha dzina la pachipata, mwamupatsa zaka 4 zowerenga zinthu zimene sazikonda. Zotsatira zake zimadziwika: chaka choyamba ma supplementary (kulembanso mayeso amene walephera), chachiwiri kubwereza, ena mpaka kuchotsedwa. Ndipo musadalire zoti akakalowa akasintha. Kusintha kosi kumalolezedwa pokhapokha malo alipo ndipo magiredi ake akufika pa kosi inayo, pamene kusamuka kuchoka yunivesite ina ya boma kupita ina ndi kovutirapo kwambiri.

Chachiwiri, bambo akewo akukamba za mayina a nthawi yawo. Kuyambira 2021 University of Malawi inagawidwa. Chancellor College ya ku Zomba ndiyo inatsala ndi dzina la UNIMA, Polytechnic inakhala MUBAS, ndipo College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS. Bunda inali itachoka kale, ndiyo LUANAR. Mzuni, yunivesite ya ku Mzuzu, inalandira ophunzira ake oyamba mu 1999, MUST ya ku Thyolo mu 2014. Choncho digiri imene mwanayu angatenge pa Chichiri, pamene pali MUBAS, sidzalembedwa University of Malawi ngati ya amalume ake. Mbiri ya Poly ilipo ndithu, aphunzitsi ndi nyumba ndi zomwezo, koma sitilinso m'nthawi imene kunali yunivesite imodzi ndipo ena onse ankaoneka ngati otsalira.

Ndipo dzina limakhala pa kosi, osati pa sukulu yonse. Munthu akati zamalamulo, maganizo amapita ku Zomba. Akati uinjiniya, zowerengera ndalama, utolankhani kapena zojambula mapulani a nyumba, ndi MUBAS. Zaulimi ndi udokotala wa ziweto ndi ku Bunda. Zankhalango, zokopa alendo, za malaibulale ndi za maso, Mzuni ili ndi malo ake amene ena sanawalande. Zanyengo ndi uinjiniya wa zipangizo za m'chipatala, anthu amatchula MUST. Koma za makompyuta zili ku UNIMA, MUBAS, Mzuni ndi MUST konse, ndipo palibe imene inganene kuti ntchito za m'dziko muno inazitsekera m'thumba. Ndiye pa nkhani ya mwanayu, dzina silikulemera monga likanalemerera akanakhala kuti akufuna zamalamulo.

Polemba fomu achite izi. Atenge chikalata cha NCHE cha chaka chino, osati cha chaka chatha, awerenge zofunika pa kosi iliyonse payokha. Ma credit 6 kuphatikizapo Chingerezi ndi khomo lolowera chabe. Kosi iliyonse imayang'ana maphunziro ake, ndipo pa za makompyuta masamu ndi Physics ndi amene amalemera. Masamu a 2 amenewo ndi chuma. Aike zisankho motsatana ndi mmene akuzifunira moona, chifukwa dongosolo la zisankho limawerengedwa. Asadzaze mizere yonse ndi makosi olimbirana kwambiri okhaokha, pansi aikepo imodzi kapena ziwiri zimene mapointi ake akupitirira bwino. Koma asalembe kosi imene atati wasankhidwira angalire. Mzere uliwonse wa pa fomu ija ukhoza kukhala moyo wake.

Mayi Gondwe

Ine ndikambako mbali ya olemba ntchito, chifukwa ndi imene bambo a mwanayo akuiopa.

Ntchito za boma siziyang'ana kuti Chanco kapena Mzuni. Chilengezo chimanena digiri ya zakutizakuti yochokera ku sukulu yovomerezeka, ndipo onse olembedwa pa udindo womwewo amayambira giredi imodzi, malipiro amodzi. Kumabanki, kumakampani a mafoni ndi kumabungwe, dzina limathandiza pamalo amodzi okha, pa kusefa makalata. Pamene pafika makalata mulu pa malo awiri, wosefa amathamangira zimene akuzidziwa, ndipo sukulu zonse za boma zimadutsa pa sefa ameneyu. Amene amavutikapo ndi a sukulu zimene wosefayo sanazimvepo. Ukangoitanidwa, dzina latha ntchito. Pa za makompyuta amakukhazika pa kompyuta n'kukuuza kuti lemba query iyi, konza network iyi, tionetse chimene unapangapo. Pamenepo tsabola wakale sawawa.

Zimene zimawerengedwa kwenikweni ndi izi. Giredi ya digiri: credit kapena upper second ya ku Mzuzu imaposa pass ya kulikonse, makamaka akadzafuna kupitiriza maphunziro kunja. Chevening, mwachitsanzo, imafuna digiri yabwino ndi zaka 2 zogwira ntchito, sifunsa ngati unkakhala ku Chikanda ku Zomba kapena ku Luwinga ku Mzuzu. Kenako attachment, kuti anakaigwira kuti ndipo anakagwirako chiyani. Kenako ntchito ya chaka chomaliza, imene angaionetse ikuyenda. Kenako timapepala ta padera monga CCNA ya za ma network, timene mwana wakhama amatha kutenga ali pasukulu.

Koma ndisabise, pa attachment Blantyre ili ndi mwayi weniweni. Malikulu a mabanki ambiri, a TNM, a ESCOM, a MRA, mafakitale a ku Makata ndi ku Chirimba komweko, zonse zili pafupi ndi MUBAS. Mwana wa pa Chichiri akhoza kukasiya kalata masana n'kubwerera m'kalasi. Wa ku Mzuzu malo alipo koma ndi ochepa, ambiri ndi nthambi. Uwu si mwayi wa dzina, ndi mwayi wa malo, ndipo anthu amasokoneza ziwirizi. Kwa mwana wanuyu vutoli ndi lopepuka, chifukwa kwawo ndi ku Blantyre. Pa tchuthi ndi pa nthawi ya attachment azibwera kudzagwira konkuno akugona pakhomo. Amene zimamuvuta ndi mwana wochokera kumudzi amene alibe pogona m'tauni.

Chinanso ndi anthu amene anaphunzira pamalopo kale. Sukulu zakale zili ndi anthu awo m'mipando, ndipo amauzana ntchito ikatuluka. Izi ndi zoona, sindingazikane. Koma amauza munthu amene akumudziwa. Mwana amene amafika m'kalasi 8 koloko n'kuthamangira minibasi 4 koloko, zaka 4 zonse, amatuluka ndi dzina la sukulu koma wopanda munthu womuimbira foni.

Jere wa pa Luwinga

Mayi Gondwe agunda pamene ndimafuna kuyambira. Anthu akamati "moyo wa pa koleji" akuluakulu amamva ngati zamasewera ndi madansi. Si zimenezo. Ndi zinthu zimene zimapangitsa kuti mwana amalize kapena asamalize, ndipo zimawerengeka.

Yambani ndi pogona. Palibe yunivesite ya boma imene ili ndi mahostelo okwanira ophunzira onse. Ambiri amachita lendi kunja: ku Zomba ndi ku Chikanda ndi madera oyandikira, ku MUBAS ndi ku Chitawira, Nkolokosa, Zingwangwa, Ndirande, ku Mzuni ndi ku Luwinga ndi Area 1B. Akangosankhidwa, imbani ku ofesi yoona za ophunzira mufunse ngati a chaka choyamba ndi atsikana amapatsidwa mwayi woyamba pa malo, tsiku lotsekera kupempha, ndi ndalama yoyamba kulipira. Malo amatha sabata zoyambirira. Ngati ndi kunja, wina wapabanja akaone yekha chipindacho, asakhulupirire zithunzi za pa WhatsApp, ndipo musatumize ndalama kwa munthu amene simunamuone. Akaone chitseko ndi loko, mpanda, madzi ngati ndi a pampopi wapakhomo, mita ya magetsi ngati ndi yogawana ndi anthu angati, ndiponso ayende wapansi kuchoka pachipata cha sukulu kukada. Kuyenda kwa mphindi 10 masana kumakhala kwina usiku, ndipo laibulale ndi zokambirana za m'magulu zimatha usiku. Kwa mtsikana iyi ndiyo nkhani yoyamba, dzina la sukulu libwere pambuyo.

Chakudya. Masiku amene boma linkadyetsa ophunzira ku kafeteriya anapita. Pano ndi kugula kapena kuphika. M'mahostelo ambiri ma hotplate saloledwa, ndiye ndi kugula katatu patsiku, zimene zimadula kuposa kuphika. Wa kunja amaphika, koma nthawi yake imapita ku makala ndi kumsika.

Tsopano werengetsani papepala, mizere iwiri, Blantyre ndi Mzuzu. Fizi ilembeni monga sukulu iliyonse yalengezera chaka chino. Ku Mzuzu onjezani lendi ya miyezi yonse, chifukwa eni nyumba ambiri amafuna ndalama ngakhale pa tchuthi kuti asunge chipinda. Onjezani chakudya, sopo, data, zosindikiza, ndi maulendo. Kuchoka ku Blantyre kufika ku Mzuzu ndi makilomita oposa 600, ulendo wa tsiku lathunthu kapena usiku wonse pa basi. Masemesita ndi 8, kupita ndi kubwera ndi maulendo 16, osawerengera maliro, matenda ndi kutsekedwa kwa sukulu mwadzidzidzi. Muikepo zofunda zochindikala ndi jekete, Mzuzu kumazizira ndipo mvula imachedwa kusiya. Ku mzere wa Blantyre musalembe kuti ziro. Kuchoka ku Chirimba kufika ku Chichiri ndi maminibasi awiri kupita, awiri kubwera, masiku 5 pa sabata, kuphatikizapo chakudya chamasana. Muchulukitse ndi masabata a semesita muone. Nthawi zina kusiyana kwake kumachepa kuposa mmene mumaganizira, komabe pakhomo pamakhala potchipa.

Laputopu ndi yofunika kulikonse kumene angapite. Pa kosi ya makompyuta musagule yosachepera 8GB RAM ndi SSD, ndipo batire ikhale yamoyo chifukwa cha kuzima kwa magetsi. Yakale yabwino imaposa yatsopano yofooka.

Za ngongole ya ku Loans Board, bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira: apemphe msanga akangolandira kalata, akhale ndi chitupa cha unzika ndi akaunti ya kubanki ya dzina lake. Si onse opempha amene amapatsidwa, ndipo ngakhale wapatsidwa, musayembekezere kuti ndalama ya upkeep, yomusunga pasukulu, imupeza tsiku lotsegulira. Banja likhale ndi ndalama yomusunga miyezi iwiri yoyambirira. Apa ndi pamene ana a kutali amagwera m'mavuto, atsikana makamaka, chifukwa njala ya pa koleji ili ndi anthu amene amaidikirira. Ngati banja silingathe kutumiza ndalama mwezi ndi mwezi mosadumphitsa, ndinene mosapsatira, asapite kutali. Kukhwima maganizo sikubwera ndi kugona ndi njala.

NaMoyo

Ndikugwirizana ndi a Jere pa ndalama, koma ndikufuna ndiimire mwanayo pang'ono, chifukwa zimene akunena si zachibwana.

Kuchokera pakhomo kuli ndi mtengo wake umene suoneka papepala. Mtsikana wa pakhomo amakhalabe mwana wa pakhomo. Mbale zimamudikira, odwala amadikiriridwa ndi iye, alendo akabwera chipinda chake ndi chimene chimaperekedwa, ndipo akachedwa ku discussion amafunsidwa kumene anali. Ntchito za makompyuta zambiri ndi za m'magulu, ndipo magulu amakumana madzulo ndi Loweruka. Ma assignment ndi mayeso a pakati pa semesita amawerengedwa pa giredi yomaliza, ndiye amene amaphonya magulu amalowa mayeso akulu ali kale m'munsi. Ngati banja lasankha MUBAS, ligwirizane poyera kuti mwanayu ndi wophunzira: ntchito zapakhomo zichepe, akhale ndi tebulo ndi nyali yake, ndipo nthawi ya mayeso aloledwe kugona kufupi ndi sukulu. Kapena apemphe hostelo ngakhale kwawo kuli mumzinda womwewo. Mabanja ambiri saganizira njira imeneyi, koma imapereka zonse ziwiri.

Tsono zimene kutali kumapereka. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Wobadwira ku Blantyre amene wakhala zaka 4 ku Mzuzu amabwerako akumva Chitumbuka, akudziwa Nkhata Bay, Rumphi ndi Karonga osati pa mapu pokha, ali ndi anzake a zigawo zonse. Izi zimagwira ntchito. Boma ndi mabungwe amatumiza anthu kulikonse, ndipo ambiri amakana kapena kulephera kukhazikika chifukwa sanachokepo pakhomo. Amaphunziranso kugawa ndalama kuti ifike pa 30, kukambirana ndi mwini nyumba, kupita yekha kuchipatala, kukhala chipinda chimodzi ndi munthu wa mpingo wina ndi khalidwe lina. Wolemba ntchito sangazione pa satifiketi, koma amazimva munthu akangoyamba kuyankhula.

Malo alionse ali ndi khalidwe lake, ndipo mwana aliyense ali ndi kumene angakule bwino. Zomba ndi tauni yaing'ono imene moyo wake umazungulira koleji, yokhala ndi mbiri ya zisudzo, mitsutso ndi ndale za ophunzira, ndipo National Statistical Office, National Archives ndi MANEB zili komweko. MUBAS ili pakati pa mzinda, phokoso ndi mwayi zonse pamodzi. MUST ili kumudzi ku Ndata, kufupi ndi Goliati, kwabata, zosokoneza zochepa, koma chilichonse chachikulu ndi ulendo wa ku Limbe. Bunda ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchoka mumzinda wa Lilongwe, cha ku Mitundu. Mwana wokonda phee ndi mwana wokonda anthu sangasangalale malo amodzi.

Koma mumufunse mwanayo funso limodzi, modekha, bambo ake palibe: akufuna Mzuzu, kapena akufuna kuchoka pakhomo? Ngati yankho ndi lachiwiri, Zomba ili pa makilomita osakwana 70 ndipo Thyolo ndi pafupi kuposa apo. Akhoza kukhala payekha, kuphunzira zomwezo za makompyuta, koma akadwala amayi ake n'kufika tsiku lomwelo. Ngati akufunadi Mzuzu, akuuzeni zimene zili mu kosi ya kumeneko chaka ndi chaka, ndi chimene chamukopa poyerekeza ndi ya ku MUBAS. Mwana amene wawerenga ndondomeko ya kosi wakonzeka. Amene akungoti "ndikufuna ndikaone kwina" musamukanize, koma athandizidwe kufufuza kaye.

Nambewe wa ku Chirimba

Zikomo kwambiri nonse, ndaziwerenga kawiri ndipo ndikawawerengera achimwene. Funso lina: akapanda kusankhidwa ku za boma, pali sukulu ina yoima payokha konkuno imene akuti malo alipo ndipo ayamba mwezi wamawa. Tiyang'ane chiyani?

Aphiri a ku Likuni

Pamenepo ndiye dzina ndi mapepala zimalemera kuposa china chilichonse, azakhali, ndipo musathamangitsidwe ndi zoti ayamba mwezi wamawa.

NCHE imachita zinthu ziwiri zosiyana. Pali kulembetsa, kumene kumalola sukulu kutsegula zitseko, ndipo pali accreditation, imene imatsimikiza kuti maphunziro ake afika pa muyezo. Sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa koma yopanda accreditation. Ikhozanso kukhala nayo pa makosi ena, pamene kosi imene mwana wanu akufuna ilibe. Nthawi zina chilolezo chimakhala cha kampasi imodzi, nthambi ya mumzinda wina ayi. Ndiye mufunse zinthu zitatu pamodzi: sukulu, kampasi, ndi dzina lenileni la kosi monga lidzalembedwere pa satifiketi. Musafunse ku sukuluko kokha. Onani mndandanda umene NCHE imatulutsa, kapena pitani ku ofesi yawo ku Lilongwe, kapena alembereni kuti akuyankheni polemba. Akakuuzani kusukuluko kuti "zili m'njira", muwerenge ngati palibe. Kuopsa kwake ndi koti digiri yopanda accreditation ikhoza kukanidwa pa ntchito za boma ndi pofuna masters, komanso ngongole ya Loans Board imapita kwa ophunzira a sukulu zovomerezeka.

Pa makosi ena pali chipata chachiwiri. Unamwino umafuna Nurses and Midwives Council, udokotala ndi ntchito zina zachipatala Medical Council, zowerengera ndalama zili ndi ICAM. Za makompyuta zilibe chipata chotero, ndiye maso anu ndi amene agwire ntchito. Pitani tsiku la pakati pa sabata osapangana nawo. Lowani mu labu muwerenge makompyuta amene akuyaka, osati amene ali patebulo, mufunse kuti kalasi ya chaka choyamba ili ndi ana angati. Funsani ngati pali jenereta kapena sola, ndi ngati intaneti imafika kwa ophunzira. Funsani aphunzitsi okhazikika a dipatimentiyo kuti ndi angati, chifukwa sukulu imene imadalira aphunzitsi obwereka okhaokha makalasi ake amasunthidwa sabata ndi sabata. Kenako pezani ophunzira awiri a chaka chachitatu kunja kwa mpanda, muwafunse ngati zotsatira za mayeso zimatuluka nthawi yake, ngati amene anamaliza chaka chatha analandira masatifiketi, ndi kumene anzawo anakachita attachment.

Zilipo sukulu zoima pazokha zokhazikika bwino, zina za mipingo monga Catholic University ku Nguludi, University of Livingstonia ndi Malawi Adventist University, ndipo ubwino wina wa zoterezi ndi woti kalendala yawo kawirikawiri siisokonezeka. Ku za boma zinachitikapo kuti digiri ya zaka 4 inatenga nthawi yoposa apo, monga mu 2011 pamene Chancellor College inakhala miyezi yambiri osaphunzira pa mkangano wa ufulu wa aphunzitsi. Koma ngakhale pa sukulu zodziwikazi, kosi ndi kampasi muzitsimikize ndithu ku NCHE.

Pa ndalama, pemphani pepala la fizi la zaka zonse 4 ndi ndalama zina zapadera monga za mayeso, za labu ndi za graduation, ndipo mufunse kuti fizi yakwera kangati m'zaka 3 zapitazi. Funsaninso lamulo lawo lobweza ndalama, lolembedwa, chifukwa mayina a ku za boma akhoza kutuluka mwanayo atayamba kale kumeneko. Ngati sabweza, lipirani gawo loyamba lokha, osati chaka chonse, mpaka mndandanda wa NCHE utatuluka.